Mbale ya Sitampu

Dzina lawo lenileni lili pa chiphaso basi. Mumsewu wonse, kuyambira pokonzera matayala mpaka pa famase yogulitsa mankhwala, amadziwika kuti a Khalapansi, chifukwa kwa zaka makumi atatu mawu amenewo ndi amene akhala akulumpha mpanda wawo m'mawa uliwonse. Anayambitsa ndi ana a sukulu, akuluakulu n'kutengera, lero ngakhale mlamu wawo amawaitana choncho. Iwo sadandaula. Amati dzina lokupatsa anthu lili ngati nkhupakupa ya m'khutu, ukalimbana nayo umangodzipweteka wekha.

Ndi mayi wamfupi, wa mapewa otambalala, ndipo chipsera chilichonse cha m'mikono mwawo amachidziwa mwini wake: ichi n'cha galu wa dokotala wa mano, ichi n'cha kagalu kaubweya ka mkazi wa loya, kamene kanaluma kuposa zimphona zonse. Kumayiko ena munthu wotere akanakhala ndi satifiketi pakhoma ndi galimoto yojambulidwa mapazi a galu. Iwo ali ndi bwalo la simenti kuseri kwa nyumba, makola asanu ndi limodzi, zingwe zopachikidwa pa misomali motsatana kutalika kwake, ndi epuloni ya thumba lalikulu lonunkha chiwindi chouma.

Ntchitoyi anaiyamba ali mtsikana, akukolopa makola ku kampani ina ya alonda. Amuna a yunifolomu ankaphunzitsa agalu ndi ndodo ndi kukuwa. Iwo ankabwera pambuyo ndi tsache, n'kupeza galu yemwe wangoluma mphunzitsi akuwagonera pa phazi. Anadziwonera okha kuti galu samva kukalipa, amamva nthawi: ukachedwa kumuyamikira ndi kamphindi kamodzi, wayamikira chinthu china.

Kumeneko anachokako ndi manyazi osawayenera. Nyumba ina inaberedwa dzuwa likuswa mtengo, agalu awiri ali pakhomo osauwa, chifukwa wakubayo ankadziwa mawu owakhazika chete. Apolisi anatenga aliyense wodziwa mawuwo, ndipo a Khalapansi anakhala masiku awiri pa benchi ya kupolisi. Wakubayo anadzapezeka kuti anali mmodzi wa aphunzitsi aja, koma iwo anali atalumbira kale kuti sadzasunganso kiyi wa galu wa munthu, mawu kapena chizindikiro chomulamulira.

Ndiye kaphunzitsidwe kawo n'kotere. Kukhala pansi, kugona, kuyenda kumanzere kwa mbuye osakoka chingwe, zimenezo amati n'za sitandade wani. Zovuta n'ziwiri: galu kukhala pamalo pamene wasiyidwa mpaka amasulidwe, ndi kusadya popanda chilolezo, paja akuba amaponya nyama ya poizoni pamwamba pa mpanda. Kuti zimenezi zikhazikike, iwo eni amasanduka satana wa galuyo. Amamuponyera mpira. Amamuitana ndi mawu okoma ngati a mayi womubereka. Akadzuka, amabwezedwa pamalo pake, n'kuyambiranso. Akalandira nyama ya m'dzanja lawo, amapeza tsabola m'kati. Pofika tsiku lomaliza galu amakhala atadziwa kuti dziko lonse ndi mayeso. Tsiku limenelo mwini galu amasankha chizindikiro chake chomasulira, kaya ndi mawu, kaya dzanja, kaya kutsokomola, iwo atalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Akatuluka amapereka lamulo: chizindikirocho osachipanga pamaso pa munthu wina, ngakhale mkazi wako.

Ambiri lamulo limeneli amaliswa sabata isanathe. Ana amadziwa, wantchito amadziwa, alendo amaonetsedwa ngati masewera. Amene analisunga ndi mmodzi yekha.

A Positi anali bambo wopuma pantchito, yemwe moyo wake wonse anayang'anira positi ofesi. Mkazi wawo anamwalira kale, mwana wawo mmodzi yekhayo anali kunja, iwo ankakhala okha. Anabwera zaka ziwiri zapitazo atavala tayi, ali ndi kabuku m'thumba la shati, akukokedwa ndi galu wachikasu wa banga lakuda la makona anayi pamphumi. Dzina lake Sitampu. Chilichonse chimene a Khalapansi ankanena, a Positi ankachilemba n'kuchipatsa nambala.

"Bambo, galu sawerenga," ankawaseka.

"N'chifukwa chake ndikuwerengera ine, aphunzitsi."

Lachiwiri lina m'mawa, akutsuka mbale za agalu, foni inalira m'thumba la epuloni. Anali mawu a mtsikana, olondola bwino koma oyenda mosamala ngati munthu wovala nsapato zatsopano, mmene amalankhulira amene akhalitsa kunja.

"Ndinu mayi ophunzitsa agalu? Nambala yanu ndaipeza m'kabuku ka bambo anga. Bambo anamwalira Lachitatu lapitali."

"Mayo! A Positi? Pepani mwanangu, pepani kwambiri."

"Zikomo. Koma ndaimba chifukwa cha galu. Sanadye kuyambira tsiku lomwelo, ndipo sakuchoka pamene anamusiya. Azakhali anga aitana dokotala wa ziweto kuti abwere folo koloko adzamubaye jakisoni, agone asadzukenso. Akuti akungovutika. Ine sindikudziwa, mwina akunena zoona."

A Khalapansi anapukuta manja, anatenga chingwe chachifupi pa msomali, n'kukakwera basi.

Anafika cha m'ma leveni. Nyumbayo inali ngati mwini wake: geti lachitsulo lopakidwa penti, kanjira ka njerwa kowongoka ngati rula, maluwa odulidwa mofanana. Mtsikana uja anawachingamira pakhonde, wamtali ngati bambo ake, maso otupa, atavala juzi ya bambo akeyo. Anawaonetsa kabuku kaja. Tsamba loyamba linali ndondomeko ya m'mawa: galu pa thumba, mbale pansi, kupita kugeti ndi kubwerera, kumasula. Lachitatu lija a Positi anachita ziwiri zoyambazo, yachitatu n'kuilekeza pakati. Anafika pageti, anagwira chifuwa, n'kugwa. Aneba ndi amene anawanyamula.

Sitampu anali m'kolido, pakati pa chitseko cha pabalaza ndi cha kukhitchini, atagona chafufumimba pa thumba lakale la makalata, miyendo yakutsogolo italunjika bwinobwino, mutu uli m'mwamba. Nthiti zinkawerengeka. Mphuno inali youma ngati chikopa cha nsapato. Kumbali kunali beseni la madzi, poti a Khalapansi saletsa galu kumwa madzi, ndipo patsogolo pake panali mbale yachitsulo ya nyama imene ntchentche zinali zitayamba kale kuizungulira.

"Ndinu amene munamulodza galuyu?"

Anali azakhali, mlongo wake wa malemu, mayi wonenepa wa magalasi olendewera pa tcheni, ataima pakhomo la khitchini ndi mpeni wa anyezi m'manja.

"Ndinamuphunzitsa, mayi."

"N'chimodzimodzi. Taonani, ife anthu tikudya nyemba, bwanayu tikumukazingira nyama, iye kutembenuza mphuno ngati nduna. Amuna awiri anamunyamula kukamuika panja, wakwawa n'kubwerera pomwepo. Ndipo galu wanji wosalira mbuye wake? Bokosi linadutsa pomwepa, pomwe mwaimapo, iye osacheuka n'komwe."

"Azakhali, ndi chisoni," anatero mtsikana. "Ndinawerenga kuti agalu nawonso..."

"Iwe, za pa foni zakozo. Wakhala ukumuyimbira mawu a bambo ako masiku atatu, wadya?"

Mtsikanayo anaweramitsa mutu. Anali atayesa mauthenga onse a mawu amene bambo ake anamutumizira, amene ambiri anali asanawamvere mpaka sabata imeneyo. Galu ankangogwedeza khutu limodzi.

A Khalapansi anagwada, mawondo akulira, n'kutulutsa chiwindi m'thumba.

"Sitampu. Bwera kuno, mnyamata wanga. Bwera."

Mchira unamenya pansi kamodzi. Wawazindikira. Anayang'ana chiwindicho, anayang'ana dzanja lochigwira, kenako anatembenuza mphuno pang'onopang'ono, mwaulemu, ndendende mmene anamuphunzitsira. Dzanja limeneli ankalidziwa kuposa manja onse: linali dzanja la tsabola. Nyama ya azakhali, mawu a pa foni, amuna omunyamula aja, zonsezo kwa Sitampu anali mayeso, ndipo ankakhoza. Ntchito yabwino kuposa zonse zimene anagwirapo inali ikufa pamaso pawo, itagona molunjika bwino.

"Palibe amene anaonapo bambo akumumasula?"

"Ndani? Achimwene ankachita kutseka makatani podyetsa galu," anatero azakhali. "Ngati akuwerenga zinsinsi za boma."

Anayesa zimene eni agalu amakonda kusankha. Anawomba m'manja kawiri. Anaimba mluzu. Anagunda pansi ndi phazi, anagwira chipewa chimene sanavale, anatchula mawu khumi ndi awiri. Mtsikana anayesa timawu timene bambo ake ankanena iye ali mwana. Wotchi ya pabalaza inagunda wani, inagunda thu. Potsiriza a Khalapansi anasiya, anakhala pansi n'kutsamira khoma, miyendo atatambasula, n'kuchita chimene amauza ophunzira awo onse: ukasowa chochita, tseka pakamwa uyang'ane galu.

Apa m'pamene anaona chimene anayenera kuona pofika.

Galu wodikira mbuye amene watuluka amayang'ana chitseko. Makutu amathamangira phokoso lililonse la kugeti, akatopa amaika chibwano pa miyendo n'kuusa moyo. Sitampu chitseko analibe nacho ntchito. Ankayang'ana m'mwamba pang'ono, masitepe atatu patsogolo pake, pakati pa kolido, pa msinkhu wa lamba wa munthu wamtali. Pamenepo panalibe kanthu, kuwala kwa dzuwa kokha kochokera pa galasi la chitseko ndi fumbi loyandama. Koma maso akewo sanali a galu wongoyang'ana mphepo. Ankasuntha pang'ono, kumanzere, n'kubwerera, ngati akutsatira munthu amene watopa kuima ndipo akusinthanitsa miyendo. Kuyang'ana kumeneku a Khalapansi akhala akukuona tsiku lililonse kwa zaka makumi atatu. Ndi mmene galu amayang'anira dzanja la mbuye wake.

Anadzuka mogwira khoma. Anayenda masitepe atatu aja n'kuima pamalopo, moyang'anana ndi galu. Sanamve kuzizira, sanamve fungo, sanamve chilichonse. Kolido wamba, masana wamba, wailesi ya aneba ikulengeza za mpira.

Sitampu anapendeketsa mutu n'kusuzumira kumbali kwawo, mmene umachitira munthu akakutchinga pa kanema. Maso ake anakakhazikika pafupi ndi phewa lawo lamanja, kumbuyo pang'ono.

A Khalapansi anachokapo chammbali, ndipo anadzimva akunena chapansipansi kuti, "Pepani."

"Mwati chiyani, mayi?" anafunsa mtsikana.

"Mwanangu, tandiuza. Kuyambira Lachitatu, kolido ino yakhalapo yopanda munthu?"

Mtsikanayo anaganiza. Aneba analowa nthawi yomweyo kudzafuna makiyi ndi mapepala a kuchipatala. Kenako achibale anadzaza nyumba, ena ankagona m'kolido momwemo pa matiresi. Iye anafika Lachisanu.

"Kuyambira pamenepo sindinamusiye. Ndimagona apa, pambali pake. Ndikapita kosamba ndimapempha azakhali kuti akhale naye." Anapukuta mphuno ndi mkono wa juzi. "Bambo ndinawasiya okha zaka zisanu ndi zinayi. Sindinafune kuti nayenso akhale yekha."

"Tabweretsa kabukuko."

A Khalapansi anatsegula masamba ndi chala chonyowetsa. Lamulo nambala seveni, m'zilembo zoongoka za a Positi, lodulidwa mzere kunsi kawiri: chizindikiro osachipanga pamaso pa munthu wina aliyense. Analiwerenga, anatseka kabukuko, n'kukabweza kwa mwini.

"Tayani nyamayo. Muphike mpunga pang'ono, wofewa kwambiri, muthire msuzi. Theka la kapu basi, m'mimba mwake mwafota. Mukatha tonse tituluke m'nyumba muno."

"Tituluke?" Azakhali anavala magalasi kuti awaone bwino. "Ndituluke m'nyumba ya achimwene anga chifukwa cha galu?"

"Mphindi khumi zokha."

"Mukufuna kunena chiyani, mayi inu? Nenani poyera. Ine ndimapemphera."

"Sindikunena kanthu. Ine ndimadziwa agalu basi. Akapanda kudya, adokotala abwera folo koloko, ndipo ndimugwira ndine mwendo."

"Azakhali, chonde," anatero mtsikana.

Azakhali anayang'ana galu, kenako anayang'ana kumene galuyo ankayang'ana, ndipo sanayang'anenso kachiwiri. Anavula magalasi. "Ndikaphike kaye mpungawo, ndizimitse sitovu," anatero, mawu atatsika.

Inali itadutsa fili koloko pamene mbale inaikidwa pansi. A Khalapansi anatseka makatani a pabalaza, anatseka chitseko cha kukhitchini, anatulutsa asuweni awiri amene ankaonera kanema n'kuwatuma kukayenda. Chitseko chakumaso anachisiya chotsegula pang'ono. Potuluka anadutsa mokhudza khoma, kusiya mpata pakati. Atatuwo anakaima m'kati mwa geti, atafulatira nyumba, nkhope zili kumsewu.

"Wina asacheuke," anatero a Khalapansi.

Dzuwa linkawotcha m'khosi. Lole ya mchenga inadutsa. Mayi wina wokankha mwana pa njinga anawayang'ana akazi atatu oima mondondozana ngati ana olangidwa, n'kufulumiza. Mtsikana ankapuma ndi pakamwa. Azakhali ankang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi yosamveka mawu. A Khalapansi ankawerenga mumtima, ndipo atafika mazana atatu anayamba kuganiza za mtsempha wa pamwendo wakutsogolo, pamene dokotala amameta ubweya asanabaye. Anaganiza za agalu onse amene anawatumiza m'nyumba za anthu okhala okha, aliyense ndi kiyi wake mmodzi.

Kenako kunamveka kwee. Chitsulo pa simenti.

Kwee, kwee. Mbale ikukankhidwa ndi lilime, ikuthawa, ikugunda khoma.

Azakhali anayamba kutembenuka. A Khalapansi anawagwira pamkono ndi dzanja limene limagwira agalu olemera kuposa munthu.

"Ayi. Sanathe."

Mbale inasiya kulira. Panadutsa kanthawi, kenako zikhadabo zinamveka pakhonde, n'kutsikira pa njerwa za kanjira. Galu wanjala womasulidwa amathamanga, kapena amadzandira kupita kumene kuli anthu. Uyu ankabwera pang'onopang'ono, masitepe anayi n'kuima, anayi n'kuima, kayendedwe ka munthu wa bondo lovuta, mmene ankayendera a Positi. A Khalapansi anakokera mtsikana kumbali kwawo. Pakati pa iwo ndi azakhali panatsala mpata wa anthu awiri.

Sitampu anatulukira pampatapo. Sanayende pakati pa kanjira, anayenda chakumanzere kwake, miyendo yakumbuyo ikunjenjemera, mpunga uli pa ndevu, mutu wopenya m'mwamba kudzanja lamanja. Sanayang'ane aliyense wa iwo. Atafika pageti anakhala pansi, msana chilili, monga amachitira galu wophunzira podikira kuti mbuye wake ayambe wadutsa.

Geti linali lotseka. A Khalapansi sanaganize. Dzanja lawo linapita lokha, linakoka chitsulo, linakankha geti, iwo n'kuima pambali. Dzanja linalo linali litagwira kale chingwe m'thumba la epuloni, chifukwa tsopano ankaopa china: kuti galuyo adzuka n'kutsatira.

Sitampu anatukula mwendo umodzi wakutsogolo. Unakhala m'mwamba, ukunjenjemera. Makutu anaima ngati wamva mawu. Kenako anaubweza pansi.

Mutu wake unayamba kutembenuka. Unachoka pageti, unatsatira m'mbali mwa msewu, pang'onopang'ono, kudutsa mtengo wa magetsi, kudutsa mpanda wa aneba, kudutsa galimoto yakufa yoimikidwa pa njerwa. Msewu unali mbee, wopanda munthu. Akazi atatuwo anapezeka kuti nawonso akutembenuza mitu. Pakona, pamene pali shopu ya buledi, maso a galu anaima. Anadikira. Anasuzumira, khosi litatalika. Makutu anagwa.

Kulira kwake kunayamba ngati chitseko chosowa mafuta, kunakwera, n'kusanduka kukuwa kwautali kumene kunadzutsa agalu a mumsewu wonse. Anagwa chammbali pa njerwa, anadzuka, anazungulira, ananunkhiza pansi pageti, n'kukuwanso. Ulemu wonse wa zaka ziwiri unathera pomwepo.

"Mukhazikeni chete, aneba atiyesa chiyani," anatero azakhali, koma misozi inali ikutsika mpaka pa tcheni cha magalasi.

"Musiyeni. Kwa iye maliro ayamba lero."

Mtsikana anakhala pansi pa njerwa zotentha, osasamala siketi. Sanamuitane. Galuyo anazungulira kawiri, anafika pa juzi ija, analowetsa mphuno m'khwapa mwake, n'kupitiriza kulirira m'menemo. Mtsikanayo anatambasula dzanja kwa a Khalapansi osawayang'ana, ndipo iwo anamuikira kachidutswa ka chiwindi. Sitampu anakanunkhiza nthawi yaitali. Anayang'ana kukona kuja. Kenako anakatenga ndi nsonga za mano, mosamala, ngati akuyembekezera kuti kamuwotcha.

Galimoto yoyera inakhota pakona pa shopu ya buledi, ikuyenda pang'onopang'ono ngati yofunafuna nambala ya nyumba. Azakhali anapukuta kumaso ndi m'mphepete mwa bulauzi, anakonza magalasi, n'kutuluka kukaima pakati pa msewu, manja ali m'chiuno.

"Adokotala! Jakisoni wanuyo bwererani naye. Ngati muli ndi mankhwala a m'mimba, tsikani."